Masamu a pa Mseu: Motoka Imodzi Yodekha Ithandiza Onse

Phunziro lathu lero likhudza ngozi za pa mseu, koma tiliyambira ku masamu. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO, mu lipoti lake la 2023, linanena kuti anthu pafupi-fupi 1.19 miliyoni amafa caka ciri conse pa ngozi za pa mseu. Linanenanso kuti pakati pa ana ndi acinyamata a zaka 5 kufikira 29, palibe nthenda imene ipha anthu ambiri kuposa ngozi zimenezi. Conco cinthu ciri conse cimene cingacepetse ngozi ndi mankhwala ndithu, ngakhale kuti sicicokera m'botolo.

Tidzaphunzira za nchito ya katswiri wa masamu wocokera ku Italy, Pulofesa Benedetto Piccoli, ndi zimene iwo pamodzi ndi anzao anapeza pamene anaika motoka yoyendetsedwa ndi kompyuta pakati pa mamotoka oyendetsedwa ndi anthu. Werengani mofatsa, pakuti ku mapeto kuli mafunso.

Kodi Pulofesa Piccoli ndani?

A Piccoli anaphunzira masamu pa yunivesiti ya Padua mu Italy, natsiriza mu 1991. Atacoka kumeneko anapita ku sukulu ya maphunziro apamwamba yochedwa SISSA mu mzinda wa Trieste, kumene analandira digiri ya udokotala wa masamu mu 1994. Mphunzitsi wao anali Alberto Bressan, katswiri wodziwika bwino.

Masamu amene a Piccoli anayamba nao ndi aja ophunzitsa kuwongolera cinthu coyenda. Funso la masamu amenewa ndi ili: ngati cinthu ciri kuyenda, ndipo inu muli ndi mphamvu yocepa cabe yocikankha kapena kucibweza, kodi mphamvuyo muigwiritse nchito pati, ndi pa nthawi iti, kuti cinthuco cifike pamene mufuna? Sungani funso limeneli, cifukwa tidzakomana nalonso.

Pambuyo pake anaphunzitsa pa yunivesiti ya Salerno, nagwiranso nchito yofufuza mu mzinda wa Rome. M'zaka zimenezo anaika mtima pa kayendedwe ka mamotoka, ndipo mu 2006 iwo ndi mnzao Mauro Garavello anasindikiza buku lochedwa Traffic Flow on Networks, lofotokoza mayendedwe a mamotoka pa miseu yolumikizana. Mu 2009 anasamukira ku America, pa yunivesiti ya Rutgers mu mzinda wa Camden, m'cigawo ca New Jersey. Mu 2014 analembanso buku lina ndi anzao awiri, lonena za mayendedwe a khamu la anthu oyenda pansi.

Mamotoka ayenda monga madzi

Kodi masamu alowa bwanji pa mseu? Mu 1955 akatswiri awiri a ku Britain, Lighthill ndi Whitham, ndiponso Richards wa ku America mu 1956, anaonetsa kuti mamotoka ambiri pa mseu umodzi angathe kuwerengedwa monga madzi oyenda mu ngalande. Madzi olowa mu ngalande ayenera kutuluka, kapena kudikha pamalo pena. Mamotoka naonso ndi cimodzi-modzi: sangosowa pakati pa njira.

Pali zinthu zitatu zofunika kudziwa. Coyamba ndi kuculuka kwa mamotoka pa kilomita imodzi. Caciwiri ndi liwiro lao. Cacitatu ndi ciwerengero ca mamotoka opita pa malo amodzi pa ola limodzi. Cacitatuci cipezeka pocurukitsa coyamba ndi caciwiri. Mwacitsanzo, ngati pa kilomita imodzi pali mamotoka 20 ndipo onse ali kuyenda makilomita 60 pa ola, ndiye kuti pa ola limodzi papita mamotoka 1,200. Koma ngati athithikana kufika 60 pa kilomita, liwiro nkutsika kufika makilomita 15 pa ola, papita mamotoka 900 cabe. Onani kuti mamotoka aculuka katatu, koma ofika kumene apita acepa.

Masamu a mu 1955 aja anali a mseu umodzi wosapatuka. Koma miseu ya mu mzinda iri ndi mphambano, pamene miseu iwiri kapena itatu ikomana, ena afuna kukhota ndipo ena afuna kupitirira. A Piccoli anali mmodzi wa akatswiri amene anakonza masamu a pa mphambano, kuti munthu athe kuwerengera mzinda wonse, osati mseu umodzi wokha.

Kuthithikana kopanda cifukwa

Aliyense amene anakwerapo basi mu mzinda waukulu adziwa izi. Mamotoka aima, ayenda pang'ono, aimanso. Inu muganiza kuti kutsogolo kuli ngozi kapena apolisi. Koma mukafika pamalopo mupeza mseu uli mbee, palibe ciri conse.

Akatswiri a ku Japan, motsogozedwa ndi Yuki Sugiyama wa pa yunivesiti ya Nagoya, anafuna kudziwa gwero la bvuto limeneli, ndipo anasindikiza zimene anapeza mu 2008. Anakonza mseu wozungulira wotalika mamita 230, naikapo mamotoka 22. Oyendetsa onse anauzidwa cinthu cimodzi: yendani bwino-bwino pa liwiro la makilomita 30 pa ola. Panalibe mphambano, panalibe dzenje, panalibe woyenda pansi.

Poyamba zinthu zinayenda bwino. Koma posakhalitsa mamotoka anayamba kuunjikana mbali imodzi ya bwalo, ena mpaka kuimiratu, pamene mbali ina inali ndi mipata yaikuru. Cinanso codabwitsa cinali cakuti malo oimapo aja sanakhale pamodzi. Anali kubwerera m'mbuyo monga funde, pa liwiro la pafupi-fupi makilomita 20 pa ola, pamene mamotoka eni ake anali kupita kutsogolo.

Cifukwa cake ciri m'thupi la munthu. Diso likaona kuti wa kutsogolo wacepetsa liwiro, uthenga upita ku ubongo, ubongo uganiza, ndiye utumiza lamulo ku mwendo kuti uponde mabuleki. Zonsezi zitenga sekondi imodzi kapena kuposerapo. Popeza woyendetsa waciwiri wacedwa pang'ono, aponda mabuleki mwamphamvu kuposa woyamba. Wacitatu aponda kuposa waciwiri. Pofika kwa wa khumi, motoka iimiratu. Mpata ukatseguka, aliyense athamanga kuti autseke, ndipo funde lina liyambanso. Palibe amene analakwa kwambiri. Zolakwa zazing'ono za anthu ambiri ndizo zinaunjikana.

Kuyesa kwa ku Arizona

Apa ndi pamene funso lija la kuwongolera cinthu ndi mphamvu yocepa libwereranso. A Piccoli ndi anzao, ena mwa iwo Daniel Work, Benjamin Seibold ndi Jonathan Sprinkle, anadzifunsa kuti: mamotoka oyenda okha sadzalowa m'malo mwa mamotoka onse tsiku limodzi. Kwa zaka zambiri adzayenda pamodzi ndi anthu. Nanga ngati ali ocepa cabe, kodi angathe kusintha mayendedwe a onse?

Mu 2016 anabwereza kuyesa kwa ku Japan kuja mu mzinda wa Tucson, m'cigawo ca Arizona. Bwalo lao linali la mamita 260, ndipo mamotoka anali opitirira pang'ono 20. Kusiyana kunali kumodzi: liwiro la motoka imodzi linali kulamulidwa ndi kompyuta. Anayamba ndi kulola anthu kuyenda monga mwa masiku onse mpaka funde la kuima ndi kuyenda litabuka. Atatero anayatsa kompyuta ija.

Nchito ya kompyuta inali yosabvuta kumva. Motoka ija inayenda pa liwiro lofanana ndi liwiro la pakati-kati la gulu lonse. Mpata ukatseguka kutsogolo, siinathamange kukautseka. Wa kutsogolo akaponda mabuleki, iyo inali ndi malo okwanira ocepetsera liwiro pang'ono-pang'ono. Conco funde likafika pa iyo linali kuzima, ndipo a kumbuyo kwake sanaonenso cifukwa copondera mabuleki mwadzidzidzi.

Zotuluka zake zinasindikizidwa mu 2018. Pa kuyesa kumene kunayenda bwino koposa, mafuta amene gulu lonse linagwiritsa nchito anacepa ndi pafupi-fupi 40 pa 100, ndipo kuponda mabuleki mwamphamvu kunatsala pang'ono kutheratu. Mamotoka opita pa ola limodzi naonso anaculuka. Akuru amati nsomba ikaola imodzi zonse zaola. Pa bwalo la ku Tucson zinacitika mosiyana: motoka imodzi yodekha inakhazika mtima pansi oyendetsa 20.

Pali mfundo ina imene tifuna kuti muisunge koposa zonse. Pa kuyesa kwina, akatswiriwa anazima kompyuta, naika munthu amene anamphunzitsa kusunga liwiro limodzi ndi kusathamangira mpata. Nayenso anatha kucepetsa mafunde aja, ndipo mafuta anapulumuka. Ndiye kuti mankhwala ake sali mu kompyuta yokha ai. Ali m'kayendetsedwe.

Kucoka pa bwalo kupita pa mseu weni-weni

Bwalo la mzere umodzi ndi losiyana ndi mseu waukulu. Pa mseu wa mizere yambiri, mukasiya mpata, wina angathe kulowapo. Cifukwa ca ici gulu la mayunivesiti lochedwa CIRCLES, m'mene a Piccoli analinso mmodzi wa atsogoleri, linakonza kuyesa kwakukuru mu November 2022. Kwa masiku asanu, m'mawa pa nthawi yopita ku nchito, analowetsa mamotoka 100 pa mseu wa I-24 pafupi ndi mzinda wa Nashville, m'cigawo ca Tennessee, pakati pa mamotoka a anthu wamba.

Mu motoka iri yonse munali munthu wogwira ciwongolero, koma liwiro linali kulamulidwa ndi kompyuta yokonzedwa kuti izime mafunde. M'mbali mwa mseu, pa mtunda wa makilomita oposa 6, munali makamera oposa 250 oikidwa pa mizati yaitali, ojambula mayendedwe a motoka iri yonse yopita pamenepo. Motero masamu amene anayamba pa pepala anafika pakati pa anthu othamangira nchito, aja otopa ndi aja okwiya omwe.

Makina naonso ali ndi malire

Tisaganize kuti motoka yoyenda yokha siingalakwe. Kusunga liwiro ndi nchito imodzi. Kuzindikira munthu wooloka mseu ndi nchito ina yobvuta koposa.

Usiku wa pa 18 March 2018, mu mzinda wa Tempe ku Arizona komweko, motoka ya kampani ya Uber imene inali kuyesedwa inagunda ndi kupha mai wina amene anali kuoloka mseu akukankha njinga. Ofufuza a boma anapeza kuti makina anaona kuti kutsogolo kuli cinthu masekondi oposa 5 ngozi isanacitike, koma analephera kuzindikira kuti ndi munthu wooloka, popeza sanakonzedwe kuyembekezera munthu pa malo osaolokera. Munthu amene anaikidwa mu motokamo kuti aziyang'anira anali kuyang'ana pa foni.

Mu October 2023, mu mzinda wa San Francisco, motoka yoyendetsedwa ndi munthu inagunda mai wina ndi kumponyera kutsogolo kwa motoka yopanda woyendetsa ya kampani ya Cruise. Motoka ya Cruise inaima, koma pofuna kupatuka mu mseu inamukoka maiyo mamita pafupi-fupi 6 ali pansi pake. Boma la California linalanda kampaniyo cilolezo. Komabe kampani ina ya Waymo inayamba kunyamula anthu wamba popanda woyendetsa mu mzinda wa Phoenix mu 2020, ndipo pambuyo pake inafika m'mizinda ina ya mu America.

Pa ngozi ziwirizi tiphunzirapo kuti makina abvutika ndi zinthu zimene sanakonzekere, ndipo munthu amene akhulupirira makina kwambiri aleka kukhala cheru.

Kodi zimenezi zikhudza bwanji umoyo?

Coyamba ndi kubvulala. Pamene mamotoka ali kuima ndi kuyenda mwadzidzidzi, ngozi yofala ndi ya kugunda mnzako kumbuyo. Motoka ikagundidwa kumbuyo, mpando ukankha thupi kutsogolo pamene mutu utsalira m'mbuyo, kenaka mutu uponyedwa kutsogolo. Minofu ndi mitsempha ya m'khosi itambasuka mopitirira. Kawiri-kawiri munthu atuluka mu motoka ali bwino, koma patapita maola angapo kapena m'mawa mwake khosi liuma, mutu uwawa kuyambira ku nkhongo, ndipo mapewa alemera.

Ambiri acira patapita masabata ocepa. Koma zizindikiro izi zifuna cipatala msanga: dzanzi kapena kufooka kwa manja ndi miyendo, kupweteka kwambiri pakati pa mafupa a khosi, kusanza, kusinza kosadziwika bwino, kusokonezeka maganizo, ndi kulephera kugwira mkodzo. Munthu wobvulala amene adandaula khosi musamdzutse kapena kumpinda. Gwirani mutu wake kuti ukhale molunjika ndi thupi, ndipo pomnyamula thandizanani anthu angapo, mumgoneke pa thabwa kapena citseko.

Caciwiri ndi mpweya. Injini itentha mafuta ambiri pamene motoka iri kunyamuka kuposa pamene iri kuyenda pa liwiro limodzi. Mafuta ambiri ndiye utsi wambiri. Utsi umenewu uli ndi tizidutswa tating'ono kwambiri timene tilowa mpaka mkati mwa mapapo. Uputa mphumu, ukulitsa cifuwa cosatha, ndipo uonjezera matenda a mtima. WHO inawerengera kuti mu 2019 mpweya woipa wa panja, wocokera ku mamotoka, mafakitale ndi moto, unafupikitsa moyo wa anthu 4.2 miliyoni. Opuma utsi wambiri si a mu motoka okha, koma amai ogulitsa m'mbali mwa mseu, ana opita ku sukulu ndi apolisi oimika mamotoka.

Zimene woyendetsa aliyense angacite

Masamu a ku Tucson agwira nchito pa mseu uli wonse, ngakhale pa Great East Road, cifukwa diso, ubongo ndi mwendo wa munthu ndi zimodzi-modzi kuli konse. Palibe cifukwa codikira motoka ya kompyuta. Inu amene muyendetsa basi, lole kapena motoka yaing'ono mungathe kukhala motoka yodekha ija.

1. Siyani mpata wa masekondi atatu. Sankhani mtengo kapena mzati m'mbali mwa mseu. Motoka ya kutsogolo ikaupitirira, werengani masekondi atatu mosafulumira. Mukafika pa mtengowo musanatsirize, ndiye kuti mwayandikira kwambiri. Pa mvula, pa fumbi, usiku, kapena mutasenza katundu wolemera, onjezerani mpatawo kawiri.

2. Dziwani mtunda umene mupita musanaponde mabuleki. Pa liwiro la makilomita 60 pa ola, motoka iyenda mamita pafupi-fupi 17 pa sekondi imodzi. Pa makilomita 100 pa ola iyenda mamita pafupi-fupi 28. Ndiponso liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woimira mutaponda mabuleki uwirikiza kanai.

3. Musathamangire mpata. Mukaona kuti kutsogolo mamotoka aima, cotsani phazi pa mafuta msanga kuti mufike pamene ayamba kale kuyenda. Kuthamanga si kufika.

4. Wina akalowa mu mpata wanu, musakwiye. Bwererani pang'ono, mutsegule mpata wina. Mwataya masekondi awiri cabe.

5. Yang'anani patali, osati nyali za motoka imene muitsatira zokha. Mukaona zocitika pa mamotoka atatu kapena anai kutsogolo, mudzayamba kucepetsa liwiro nthawi ikalipo.

6. Siyani foni. WHO inena kuti woyendetsa amene agwiritsa nchito foni ali pa ciopsezo ca ngozi kanai kuposa amene saigwira. Mowa, tulo ndi mankhwala ena a cimfine oodzeretsa zitalikitsanso sekondi ija ya pakati pa diso ndi mwendo.

7. Mangani lamba, ndipo konzani cotsamira mutu ca pa mpando kuti msonga yake ilingane ndi pamwamba pa mutu wanu. Cotsamira cimeneci sicokongoletsa ai; ndico citeteza khosi mukagundidwa kumbuyo.

8. Ngati motoka yanu iri ndi makina osunga liwiro ndi mpata okha, monga ena mwa mamotoka obwera kucokera kunja, dziwani kuti makinawo ndi othandiza cabe. Woyendetsa ndinu. Maso akhale pa mseu, manja pa ciwongolero.

Nanu okwera muli ndi mbali yanu. Musamuuze woyendetsa basi kuti afulumire, ndipo akamamatira kumbuyo kwa lole, mcenjezeni mwaulemu. Moyo umene uli m'manja mwake ndi wanu.

Mafunso obwereza

1. Chulani zinthu zitatu zimene akatswiri a masamu awerengera pa mseu. Ngati pa kilomita imodzi pali mamotoka 30 oyenda makilomita 40 pa ola, ndi mamotoka angati amene apita pa ola limodzi?

2. Ncifukwa ciani mamotoka 22 a ku Japan anathithikana pamene pa mseu panalibe cochinga ciri conse?

3. Kodi motoka ya kompyuta ya ku Tucson inacita ciani kuti funde lizime? Nanga munthu anatha kucita cimodzi-modzi?

4. Chulani zizindikiro zinai zoonetsa kuti munthu wobvulala khosi afunika kupita ku cipatala msanga.

5. Fotokozani njira yoyesera mpata wa masekondi atatu.

Kambiranani mafunso awa ndi anzanu a pa siteshoni, a ku nchito ndi a pa banja. Ngati pa nyumba panu pali woyendetsa motoka amene sanawerenge tsamba lino, mwerengereni.